Makalabu a ophunzira m'sukulu za sekondale m'Malawi: anachokera kuti, ndipo amadalira ndani?

Pa ndandanda wa maphunziro wa sukulu zambiri za sekondale m'Malawi pamakhala masana amodzi pa sabata amene sapatsidwa phunziro lililonse chifukwa ndi nthawi ya makalabu. Pa nthawi imeneyo ena amalowa m'holo kukakonzekera sewero, ena amakhala pansi pa mtengo kukambirana za chilengedwe, akwaya amatenga kalasi imodzi, a mtsutso ina, ndipo pamakhalanso gulu losachepa la ophunzira amene amangozemba n'kupita kwawo kapena kukagona ku hositelo. Munthu akaona zonsezi pamodzi angaganize kuti ndi ntchito imodzi imene Unduna wa Zamaphunziro unakonza mwadongosolo, koma mbiri yake si yotero. Pafupifupi kalabu iliyonse inabwera pa nthawi yakeyake kuchokera kunja kwa mpanda wa sukulu, ndipo amene anaibweretsa, kaya ndi mpingo, boma, bungwe la aphunzitsi kapena bungwe lothandiza, anali ndi chimene ankafuna kwa ana asukuluwo. Kudziwa mwini wake woyamba wa kalabu kumathandiza kumvetsa chifukwa chake ina ili ndi moyo mpaka lero pamene ina inangotsala dzina m'buku la aphunzitsi aakulu.

Magulu akale kwambiri ndi a mipingo, chifukwa sukulu yeniyeniyo inabwera ndi amishoni. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, a Dutch Reformed anamanga pa Mvera mu 1889, ndipo Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Kumalo onsewa kuimba kunali mbali ya maphunziro, moti kwaya ya pasukulu ndi yakale kuposa sukulu za sekondale zimene, popeza Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942 ndipo Dedza mu 1951. Pambuyo pake kunabwera mabungwe a ophunzira monga SCOM ya Achikhristu a mipingo yosiyanasiyana, YCS ya Akatolika, ndi magulu a ophunzira Achisilamu ndi a Seventh Day. Magulu amenewa safuna kufotokozedwa kwambiri, koma pali chinthu chimodzi chofunika kuchiona: ndi amene sazilala msanga. Safuna galimoto kapena zipangizo zodula, mpingo umene unawabereka uli pafupi ndi sukulu, ndipo wophunzira wa Fomu 1 amafika akudziwa kale zochita chifukwa anazolowera kwawo.

Nkhani ya zisudzo ndi yosiyana, ndipo ndi imene ili ndi zokhota zambiri. Mu 1968 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linalamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi, koma ku sekondale Chingerezi chinakhalabe chiyankhulo chophunzitsira, ndiponso phunziro limene munthu akalilephera salandira satifiketi ngakhale akhoze maphunziro ena onse. Aphunzitsi a phunziroli, kudzera m'bungwe lawo la ATEM, anaona kuti ana amene amadziwa malamulo a galamala pamtima amachita chibwibwi akangouzidwa kuti ayankhule, choncho mu 1969 anayambitsa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale. Cholinga choyamba sichinali kupeza akatswiri a zisudzo ayi. Chinali choti mwana atsegule pakamwa n'kuyankhula Chingerezi pamaso pa anthu, ndipo n'chifukwa chake oweruza ankaika mtima kwambiri pa katchulidwe ka mawu ndi kamvekedwe kawo. Sukulu zinkapikisana kuyambira m'madera awo, kenaka m'zigawo zitatu za dziko, ndipo opambana ankakakumana pa ndime yomaliza.

Chimene okonza mpikisanowu sanachiyembekezere n'choti unasanduka khomo lalikulu lolowera m'zisudzo za dziko lonse. Poyamba sukulu zambiri zinkatenga masewero olembedwa kale kunja, koma pang'onopang'ono aphunzitsi ndi ophunzira anayamba kulemba awoawo onena za moyo wa kuno, ndipo apa ndi pamene anakumana ndi lamulo lina la chaka chomwecho cha 1968, lokhudza kuunika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo. Lamuloli linakhazikitsa bungwe lounika, ndipo sewero lililonse loonetsedwa pagulu linkayenera kuwerengedwa ndi kupatsidwa chilolezo lisanafike pa siteji. Mawu okayikitsa ankadulidwa, ndipo nthawi zina sewero lonse linkakanidwa. Mphunzitsi woyang'anira kalabu ankadziwa kuti mzere umodzi womveka ngati wonyoza boma ukhoza kumuchotsetsa ntchito kapena kumufikitsa kundende, ndipo mantha amenewa sanali ongopeka, popeza Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Zotsatira zake zinali zoti olemba masewero anaphunzira kuyankhula mokuluwika. Ankatenga nthano za kalulu ndi fisi, mafumu akalekale, mizimu ndi milandu ya pabwalo, n'kuikamo zimene sakanatha kuzinena poyera, ndipo omvera anazolowera kumva zimene sizinanenedwe. Mfumu yankhanza ya m'mudzi wongopeka inkatha kuseketsa holo yonse pa zifukwa zimene palibe akanavomera atafunsidwa panja. Si masewero onse amene anali ndi mnofu woterewu, ambiri anali ongolangiza ana kuti asamwe mowa kapena asatenge mimba ali pasukulu, koma luso lobisa tanthauzo linakhazikika, ndipo zizindikiro zake zikuonekabe m'masewero a ana asukulu a masiku ano amene sanaone n'komwe ulamuliro wa chipani chimodzi.

Chitsanzo chodziwika bwino cha zipatso za mpikisanowu ndi Du Chisiza Jr, amene anabadwa mu 1963. Ali wophunzira pa sekondale ya HHI ku Blantyre, analemba ndi kutsogolera sewero limene linapambana pa ndime ya dziko lonse mu 1982. Atapita kukaphunzira zisudzo ku Philadelphia m'dziko la America, anabwerera n'kuyambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, limene limadziwika ngati gulu loyamba m'dziko muno la anthu odya za zisudzo basi. Atamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira anatsogolera gululo kwa kanthawi asanayambitse lake la Wanna-Do. Pa nthawi imene dziko linalibe wailesi ya kanema, popeza TVM inayamba mu 1999, ndiponso linalibe sukulu yapadera yophunzitsa zisudzo kupatula dipatimenti imodzi ku Chancellor College, kalabu ya drama ya pasekondale ndiyo inali sukulu ya ambiri amene pambuyo pake anadzakhala azisudzo, aulutsi ndi olemba nkhani.

Komabe mpikisano wa ATEM unali ndi malire amene unabadwa nawo. Popeza unali wa Chingerezi, makolo a ana ochita sewerowo, makamaka a kumudzi, sankatha kutsatira zimene ana awo akunena, ndipo kunabadwa kalembedwe kodzaza ndi mawu akuluakulu a m'dikishonale amene ankawombetsa m'manja ngakhale omvera sanamve tanthauzo lake. Izi zinkachitika m'sukulu zomwezo zimene mwana wogwidwa akuyankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao ankapatsidwa chibalo. Zisudzo za m'Chichewa zinakula kunja kwa mpikisanowu, kudzera m'masewero a pa wailesi ya MBC ndi magulu monga Kwathu Drama Group, kumene kunali malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo. Ku yunivesite nako, gulu la Travelling Theatre la Chancellor College, limene linayamba cha m'ma 1970 ndi masewero a Chingerezi oyendera sukulu, linatembenukira ku ziyankhulo za kuno m'zaka za m'ma 1980 motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr. Ku Mbalachanda m'boma la Mzimba ndi kumadera ozungulira Liwonde anayesa njira yokhala ndi anthu m'mudzi, kumva mavuto awo, kupanga sewero kuchokera pa zimene amva, kenaka n'kuliimitsa pakati kuti owonera anene chimene chiyenera kuchitika. Njira imeneyi ndiyo inadzalowa m'makalabu ambiri a m'sukulu pambuyo pa 1990, ngakhale ana amene amaigwiritsa ntchito lero nthawi zambiri sadziwa kumene inachokera.

Pambali pa ATEM pakhalanso mpikisano wa zisudzo za m'Chifalansa, umene cholinga chake n'chofanana, kungoti ndi wa sukulu zochepa zimene zimaphunzitsa chiyankhulocho, ndi mpikisano wa NASFEST umene unabwera pambuyo pake n'kutsegulira khomo magule, ndakatulo ndi nyimbo. Za mtsutso ndi mafunso a pa wailesi monga Top of the Class ya MBC n'zachibale ndi zimenezi: zonse zimanola lilime ndi kukumbukira, ndipo zimakomera sukulu zimene zili ndi laibulale.

Magule a makolo amafuna mawu apadera chifukwa ndi pamene sukulu imakumana ndi mudzi maso ndi maso. Beni, manganje, tchopa, ingoma, malipenga, mganda, chimtali ndi chisamba zimavinidwa m'sukulu popanda vuto lalikulu, ndipo nthawi zambiri amene amaphunzitsa ana si mphunzitsi koma mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nawo kapena mlonda wa pasukulupo amene amadziwa kukunga ng'oma. Gule wamkulu ndi vimbuza ndi nkhani ina. Bungwe la UNESCO linazindikira zonse ziwiri mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo tchopa anatsatira mu 2014, koma gule wamkulu ali ndi eni ake ometa ndi malamulo a kudambwe, pamene vimbuza ndi gule wochiritsa odwala osati wosangalatsa alendo. Sukulu imene yakonza zoonetsa gule pa tsiku la mphotho popanda kukambirana ndi mafumu imatha kuputa mlandu, ndipo m'sukulu za mishoni muli mbiri yakale ya kulimbana pakati pa nyau ndi amishoni, kumene kunafika pachimake m'madera ena a chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920. N'chifukwa chake sukulu zambiri zimangosankha magule amene alibe mwambo wachinsinsi, ndipo ndikuona kuti kusamala kumeneku n'koyenera kusiyana ndi kuveka ana osameta zigoba pofuna chikho.

Tikabwera ku ntchito zothandiza anthu a m'dera, mthunzi wa ulamuliro wa chipani chimodzi ndi wautali kuposa pa zisudzo. Gulu la Malawi Young Pioneers, lomwe linayamba mu 1963, linkatumiza alangizi ake m'sukulu kukaphunzitsa masewero olimbitsa thupi, kuguba ndi ngodya zinayi za chipani, zomwe zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Gulu la ma Scout linaletsedwa kuti pasakhale lina lopikisana ndi Apayoniya, ndipo linadzabwereranso demokalase itabwera. Chaka ndi chaka, chakumapeto kwa nyengo ya mvula, kunkakhala Sabata ya Achinyamata, pamene maphunziro ankaima ndipo ana asukulu pamodzi ndi achinyamata ena ankalambula misewu, kukonza milatho ya mitengo, kuumba njerwa, kumanga nyumba za aphunzitsi ndi kuthandiza okalamba ndi olumala. Mu 1976 boma linakhazikitsanso tsiku lodzala mitengo m'mwezi wa Januwale, ndipo minda yambiri ya bulugamu ndi malaina imene imaoneka kuseri kwa sukulu zakale inadzalidwa ndi ana a nthawi imeneyo.

Anthu amene anakula nthawi imeneyo sagwirizana poikumbukira. Ena amaloza makalasi ndi milatho imene inamangidwa n'kunena kuti achinyamata a lero ndi aulesi. Ena amakumbukira kuti panalibe wokana, kuti wojomba ankaonedwa ngati woukira boma, ndiponso kuti Apayoniya omwewo ndi amene ankaima pa zipata za misika kufuna makhadi a chipani. Onse akunena zoona, ndipo vuto lagona pomwepo: ntchito inali yothandiza koma inkayenda ndi mantha, moti mantha atachoka inagwa nayo limodzi. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itatha, asilikali analanda zida Apayoniya mu Disembala chaka chomwecho pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ndipo boma latsopano la 1994 litalowa, Sabata ya Achinyamata inatha. Pa misonkhano ya ndale ntchito yaulere inkafanizidwa ndi thangata wa m'minda ya atsamunda, ndipo anthu ambiri anayamba kufunsa kuti alandira chiyani asanagwire khasu pa ntchito ya chitukuko. Pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse mu Novembala 2020, loti lizichitika Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ambiri analiona ngati kuyesa kudzutsa mzimu wakale uja popanda chikwapu chake.

Pali chopinga china chimene chili m'kati mwa sukulu momwemo ndipo sichikambidwa kawirikawiri. M'sukulu zambiri ntchito ya manja ndiyo chilango. Wochedwa amatchetcha udzu, wosokosera amakolopa, wolakwa kwambiri amakumba dzenje la zinyalala kapena kuzula chitsa. Mwana amene kwa zaka zinayi waphunzira kuti khasu ndi chikwakwa ndi za olakwa savomera msanga akauzidwa Loweruka kuti kusesa pachipatala kapena kumanga chimbudzi cha gogo wina ndi ulemu. Komatu kumudzi kumene anachokera ntchito yothandizana si yachilendo: anthu amaitanizana dima kukalima m'munda wa mnzawo, ndipo pamaliro palibe amene amalipidwa chifukwa chokumba manda, kutunga madzi kapena kutola nkhuni. Makalabu amene amachita bwino pa ntchito zoterezi, monga a Red Cross, a mipingo ndi ma Scout, nthawi zambiri ndi amene amalola ophunzira kusankha okha woti amuthandize ndi kusonkha okha sopo, shuga kapena zovala, m'malo molandira lamulo pa asembule. Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sukulu zambiri za m'chigawo chakummwera zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi ndi matope, ndipo kusiyana pakati pa sukulu ndi dera kunatheratu kwa masabata angapo popanda wina kulemba pulogalamu.

Gulu lina la makalabu linabwera ndi mabungwe othandiza. Akale mwa amenewa ndi a zachilengedwe, amene amayendetsedwa mogwirizana ndi bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM, lomwe mizu yake inayamba mu 1947. Makalabuwa amafesa mbande, kusamalira nkhalango ya sukulu, kuwerenga magazini ya Nantchengwa imene bungweli linkawatumizira, ndipo chimene ana ambiri amalowera ndi ulendo wokaona nyama ku Liwonde, Lengwe, Kasungu kapena Nyika. Tisaunyoze ulendowu. Kwa ana ambiri, ngakhale okhala makilomita ochepa kuchokera kumalire a paki, umenewu ndi mwayi woyamba kuona njovu ngati chinthu chokongola osati chilombo chodya chimanga cha makolo awo. Chofooka cha makalabuwa n'chodziwika kwa aliyense amene anaonapo mwambo wodzala mitengo: mbande zimadzalidwa mu Januwale pamaso pa mlendo wolemekezeka, koma m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, sukulu ili pa tchuthi chachikulu kapena itangotsegulidwa, mbuzi, chiswe ndi moto wolusa zimamaliza ntchito. Sukulu zimene mitengo yake imapulumuka ndi zimene zinagwirizana ndi mfumu ndi makolo za amene aziyang'anira ana akapita.

Kenaka kunabwera Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi kachilombo ka HIV m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 panalibe sukulu imene inali isanaike maliro a mphunzitsi kapena kholo. Makalabu a Edzi Toto anafalikira m'mapulayimale ndi m'masekondale mothandizidwa ndi UNICEF ndi mabungwe ena pa nthawi imene kunalibe mankhwala otalikitsa moyo a ulere, omwe boma linayamba kugawa mu 2004, ndiponso pamene makolo ndi aphunzitsi ambiri sankatha kutchula nkhani zogonana pamaso pa ana. Maganizo ake anali oti mwana amamva msanga mnzake kusiyana ndi munthu wamkulu, choncho sewero, nyimbo ndi ndakatulo zinakhala zida zazikulu, ndipo apa ndi pamene njira ya ku Mbalachanda ndi ku Liwonde ija inapeza malo m'sukulu. Njira yomweyo inagwiranso ntchito pa kampeni ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana, imene inabala bungwe la CRECCOM ku Zomba, ndi m'makalabu a Tuseme a bungwe la FAWEMA, amene anayambira ku yunivesite ya Dar es Salaam ndipo amaphunzitsa atsikana kunena poyera zimene zikuwalepheretsa sukulu.

Makalabu a mabungwewa anachita zazikulu, koma anabweretsanso zizolowezi ziwiri zimene zikuvutitsa mpaka pano. Choyamba n'chakuti sewero linasanduka chonyamulira uthenga umene wolemba anapatsidwa kale, moti owonera amadziwa mathero ake munthu woyamba akangolowa: mtsikana wokonda ndalama adwala, mnyamata womvera akhoza mayeso, ndipo onse atembenukira kwa anthu n'kulangiza. N'zodabwitsa kuti m'nthawi ya ufulu woyankhula masewero ambiri a m'sukulu anakhala osaya kusiyana ndi a nthawi imene ankaunikidwa mzere ndi mzere. Chachiwiri ndi alawansi. Pulojekiti imabwera ndi maphunziro a aphunzitsi kuboma kapena kunyanja, malaya olembedwa uthenga, mipira ndi zakumwa, ndipo ikatha zaka zake zitatu kapena zisanu, kalabu imazilala chifukwa onse anazolowera kuti msonkhano wopanda kanthu si msonkhano. Bungwe lina likabwera limayambitsa kalabu yatsopano ya dzina lina pa nkhani yomweyo, ndi ana omwewo, kawirikawiri ndi mphunzitsi yemweyo.

Mphunzitsi ameneyu, patironi kapena metironi, ndiye msana wa zonse. Salipidwa kanthu kowonjezera chifukwa chokhala pasukulu mpaka madzulo akuyeserera sewero, nthawi imene anzake akuphunzitsa ku open kapena maphunziro apadera amene amabweretsa ndalama. Ndiye amakapempha kwa aphunzitsi aakulu ndalama ya galimoto, amalemba makalata kwa makolo, amagona pa benchi m'kalasi ya sukulu ina pamodzi ndi ana pa nthawi ya mpikisano, ndipo mwana akadwala kapena akasowa pa ulendo, mlandu ndi wake. Sukulu imene yakhala ikutenga chikho cha zisudzo zaka zotsatizana nthawi zambiri ili ndi mphunzitsi mmodzi wotere, ndipo akasamutsidwa chikho chimamutsatira kumene wapita. Mphamvu imeneyi ili ndi mbali yake yoopsa, chifukwa kuyeserera kwa madzulo ndi maulendo ogona konko ndi malo amene mphunzitsi wopanda khalidwe angapezerepo mwayi pa atsikana, n'chifukwa chake makolo ena amakaniza ana awo aakazi kulowa drama, ndipo sukulu zosamala zimaonetsetsa kuti pa ulendo uliwonse pali mphunzitsi wamkazi.

Pomaliza pali funso la sukulu zimene zimapambana. Maphunziro a ulere a ku pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo pofuna kupezera malo ana amenewa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE, koleji yophunzitsa anthu ali kutali, kukhala sukulu zoyendera za m'madera, zodziwika kuti ma CDSS. Lero ophunzira ambiri a sekondale za boma ali m'sukulu zimenezi. Mwana wa pa sukulu yogonera konko monga Dedza, Likuni kapena Marymount ali ndi holo, magetsi ndi madzulo onse, ndipo wa ku Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ali ndi zipangizo zimene sukulu zina sizinazionepo. Wa pa CDSS amaweruka ali ndi njala, ulendo wautali wapansi kapena wapanjinga ukumudikira, ndipo ngati ndi mtsikana, mtondo ndi mtsuko zikumudikiranso kunyumba. Pa sukulu zophunzira mosinthana, gulu lina m'mawa lina masana, palibe ngakhale kalasi yopanda anthu yoti kalabu ikumaniremo. Tikamawerenga mndandanda wa opambana pa ndime ya dziko lonse, tikuwerenganso mndandanda wa sukulu zimene zili ndi holo ndi ndalama ya galimoto, ndipo CDSS ikafika pamenepo yachita chinthu chachikulu kuposa mmene chikho chingasonyezere.

Pamwamba pa zonsezi pali mayeso. Satifiketi ya MSCE imawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapointi amenewo ndi amene amatsegula kapena kutseka khomo la yunivesite za boma. Palibe pointi imene imachotsedwa chifukwa mwana anatsogolera kwaya, anadzala mitengo kapena anapambana pa ATEM, choncho wophunzira wa Fomu 4 akasiya kalabu mu teremu yachiwiri, kapena mphunzitsi wamkulu akasandutsa masana a makalabu kukhala nthawi yomalizira silabasi, onse awerengera bwino malinga ndi malamulo amene anawapeza. Unduna unayesa kuyankha polowetsa zina mwa ntchito za makalabu m'maphunziro enieni. Zimene a Edzi Toto ankakambirana pansi pa mtengo zinalowa m'phunziro la Life Skills, ku pulayimale kunabwera Expressive Arts, ndipo silabasi ya sekondale imene inayamba mu 2015 inapereka malo kwa maphunziro a zaluso ngati osankha. Kusinthaku kunapatsa nkhanizi ulemu wa mayeso, koma kunazisandutsanso manotsi olembedwa pa bolodi ndi kulowezedwa, moti mwana akhoza kukhoza funso lofotokoza mitundu ya ng'oma asanaigwirepo ng'oma n'kamodzi komwe. Phunziro losankha limaphunzitsidwa pokhapokha ngati sukulu ili ndi mphunzitsi wake, ndipo pamene aphunzitsi a masamu ndi sayansi akuperewera, mphunzitsi wamkulu wa pa CDSS akapatsidwa mwayi wopempha munthu mmodzi ku ofesi ya maphunziro ya chigawo, sapempha wa zisudzo.